Ndine Amake Asiyatu

Asiyatu mwana wanga,

Ndatseka kantemba dzuwa likadali pamutu. Anthu akugogoda pawindo kufuna saladi ndi tomato, ine ndikuwayankha kuti zatha ngakhale zilipo. Kunyumba sindingalembe. Azakhali ako adzaza pabwalo ndi mapoto a ukwati, alangizi akutsekera m'chipinda kuyambira dzana, ndipo ine ndikangoti nditsegule pakamwa wina amandigwira mkono kuti amake mkwatibwi salankhula, amangomwetulira. Chabwino, kumwetulira ndimwetulira mawa, lero ndilankhule ndi pepala. Uwerenge wekha mpaka kumapeto, ndipo usadumphe pamene payamba kuwawa.

Mawa ukukwatiwa, mkuja unyamuka kupita ku Kitwe kwa amuna ako. Chanda ndi mwana wabwino, ndilibe naye mlandu. Mlandu wanga uli pa zimene apongozi ako, bana Chanda monga amatchulira mayi wa Chanda m'Chibemba, anabwera kudzanena sabata yatha, atakhala pampando wa malemu atate ako, handibagi ili pamiyendo ngati tiwabera. Akuti abusa awo anaona m'pemphero kuti dzina lako linachokera kwa mfiti ya kuno ku Kanyama. Ndiye mawa m'tchalitchi, mphete zisanalowe ku zala, akupempherera kuti uvule dzina la Asiyatu, uvale la Mapalo. Ine ndinayang'ana iwe kuti uyankhe. Unaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Mami, ni zina chabe." Mawu amenewo andibaya sabata yonse. Sindikukwiyira ayi, wolakwa ndine. Za mwini dzinalo ndinakuuza zokoma zokhazokha, n'kubisa pamene ine ndinaipa. Lero ndikuuza zonse.

Ambuya Asiyatu iwe unawadziwa atapindika kale msana. Anabwera kuchokera ku Malawi ali mtsikana, ndi amuna awo amene anali telala pamsika. Amunawo anamwalira, ana awo awiri anapita ali aang'ono, iwo n'kutsala okha m'kanyumba kaja kuseri kwa mpope wa madzi, kachitatu kuchokera kwathu. Anali Msilamu wosaphonya swala. Mzimayi wa kumzikiti akamwalira, osambitsa thupi anali iwo. Munthu wa mpingo uliwonse akadwala mpaka abale kutopa naye, womutembenuza ndi kumuchapira anali iwo. Panali wamisala wina wogona m'mbali mwa ngalande, amene ana ankamugenda. Loweruka lililonse ankamukhazika pa chigubu n'kumumeta tsitsi, iye ali duu, ngati si uja wothamangitsa anthu ndi chitsulo. Koma komboni sinawapatse dzina chifukwa cha zonsezi. Inawatcha Ambuya Agalu.

Galu akagundidwa ndi minibasi, ife tinkamulambalala titagwira mphuno, iwo ankabwera ndi wilibala. Mwendo wothyoka ankaumanga ndi timatabwa ta bokosi la tomato ndi nsanza zimene anasiya amuna awo atelala, moti agalu a mzere wathu ankavala nsalu zokongola kuposa ife. Zilonda ankatsuka ndi madzi a mchere. Tiana ta agalu todzaza mphutsi ankatipaka mafuta odzola pa kabowo kalikonse, n'kudikira, n'kufinya imodziimodzi, akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo. Amphaka otayidwa m'thumba ankawavuula m'ngalande ndi ndodo. Pakhomo pawo panali msomali, ndipo pamsomalipo pankakhala chitenje chimodzi, chitenje cha agalu. Pogwira nyama ankavala chimenecho. Nthawi ya swala ikakwana ankachikoleka, n'kusamba m'manja kasanu ndi kawiri, koyamba ndi dothi, kenako n'kulowa m'nyumba. A kumzikiti ankadandaula kuti galu ndi wodetsedwa, ife a kutchalitchi tinkanong'ona kuti nkhalamba yokhala ndi amphaka ambiri chonchi ili ndi chake. Iwo ankangoti, "Amene anamulenga sananyansidwe naye, nanga ine ndine ndani?"

Kulakwa kwanga koyamba kunali pa kapu ya madzi. Ndinali nditangofika kuchokera ku Katete, wachilendo ngati mmene ukakhalire iwe ku Kitwe, iwe uli ndi miyezi isanu m'mimba mwanga. Ndinachita chizungulire pamzere wa pampope n'kugwa, ndipo mwa azimayi onse amene anali pamenepo, amene anasiya chigubu chake ndi malo ake pamzere anali iwo okha. Anandikhazika pamthunzi pakhomo pawo, n'kunditungira madzi m'kapu yoyera mbee. Ine ndinaona galu wa miyendo itatu atagona pambali panga, ndinakumbukira zonong'ona zija. Ndinaika kapu pamlomo ngati ndikumwa, iwo atatembenuka ndinathira pansi. Dothi lonyowa analiona. Sanandinyoze, anangoti, "Mawa udye kaye usanabwere pamzere, mwana wanga, wam'mimbayo sadziwa kudikira." Ndiye tamvera, Asiyatu. Ukafika ku Kitwe usalandire adani kwa anthu ena ngati mmene walandirira mbale pa kicheni pate. Apongozi akakuuza kuti uyo usamupatse moni, yamba wamuona wekha munthuyo.

Unabadwa m'mvula ya Januwale, ndipo ukudziwa mmene Kanyama imakhalira mvula ikagwa masiku atatu. Madzi anafika m'mawondo, zimbudzi zinasefukira, palibe galimoto inalola kulowa kuno. M'mawa atate ako anapita kumsewu waukulu kukachonderera a takisi, ine matenda anandigwira ndili ndekha pabedi lokwezedwa pa mabuloko. Ndinakuwa. Aneba anamva, koma aliyense anali kalikiliki kukapa madzi m'nyumba mwake. Galu wa miyendo itatu uja, dzina lake Ndatsala, ndi amene anaima pakhomo pathu n'kumauwa osalekeza, mpaka ambuya anabwera kudzaona chamuvuta. Anasuzumira, anabwerera, kenako anabweranso akuyenda m'madzi, lumo latsopano ndi ulusi ataziika m'pulasitiki pamutu. Unatuluka chingwe cha mchombo chitakuzinga pakhosi, wotuwa, wosalira. Anachimasula ndi chala chimodzi, n'kuyamba kukupukuta msana mwamphamvu ndi thaulo, monga ndinkawaonera akuchitira tiana ta agalu tobadwa tofooka. Ine ndinali nditayamba kale kulira maliro. Iwo anapukutabe, anapukutabe, mpaka unatsokomola n'kukuwa. Atate ako anafika masana opanda takisi, anakupeza uli pabere. Mchombo utagwa, ndi atate akowo amene anati, "Uyu ni Asiyatu. Wamene safuna asabwere kuzamuona." Kuyambira pamenepo komboni yonse inaiwala dzina langa la kumudzi, ndinakhala amake Asiyatu.

Kulakwa kwachiwiri ndi kumene sindinauzepo munthu, ngakhale azakhali ako. Uli ndi zaka zitatu kolera inalowa m'komboni, ana awiri a nyumba imodzi anamwalira sabata imodzi. Kunabwera mneneri wina wa jekete yoyera, wochita mapemphero pabwalo la mpira, n'kunena kuti imfa imeneyi si ya madzi, ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amaweta nyama. Dzina sanatchule, panalibe chifukwa chotchulira. Lamlungu masana, anthu atatuluka m'matchalitchi ndi zovala zawo zabwino, anasonkhana pakhomo pa ambuya ndi miyala m'manja. Atate ako anali ku ntchito ya ulonda. Ine ndinaima kumbuyo kwa gulu, iwe uli kumsana. Ambuya anatuluka n'kukhala pansi pakhomo, manja pa miyendo. Ndiye bambo wina, amene mkazi wake anatsukidwa zilonda ndi ambuya omwewo, anandiona n'kukweza mawu: "Imwe amake Asiyatu, si imwe munapasa mwana zina ya nkhalamba iyi? Kambani vamene muziba." Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinaopa, mwana wanga. Ndinati, "Ine mwana wanga ni Chisomo. Aba nimabapasa chabe moni." Ambuya anandiyang'ana pang'ono, kenako anayang'ana pansi.

Apolisi pofika, mawindo anali ataswedwa kale. Ambuya sanawaphe, mwala umodzi wokha unawang'amba pachipumi, koma nyama zawo zinaphedwa pamaso pawo. Ndatsala sakanatha kuthawa ndi miyendo yake itatu, anafera pamapazi pawo. M'mawa mwake ndinawaona pawindo akukankha wilibala yofundidwa ndi chitenje cha agalu chija, kupita kukakwirira ku maenje a miyala. Anali okha. Wilibala inali yolemera, inkapendekeka, iwo n'kuima, n'kupuma, n'kuyambanso. Ine ndinatseka katani. Choncho ukamamva bana Chanda akulankhula zosintha dzina, dziwa kuti iwo si oyamba. Woyamba kukuvula dzina ndine mayi wako, ndipo panalibe m'busa wondikakamiza.

Kulakwa kwachitatu kunali kupitiriza. Zaka ziwiri ndinakuitana Chisomo, ku nazale ndinalembetsa Chisomo, ndipo popita kumsika ndinkazungulira kuseri kwa chigayo kuti ndisadutse pakhomo pawo. Atate ako okha ndi amene anakana. Ankakuitana Asiyatu mokweza dala pakati pa msewu, ndipo tinakangana mpaka kulekana mabulangete. Ine ndinkati ndagula mtendere. Mtendere wake uti? Anthu omwe ndinawakondweretsa tsiku lija ndi omwe anayamba kukodolana atate ako atayamba kuonda ndi kutsokomola. Ku kiliniki anati ndi chifuwa chachikulu, koma m'komboni anali ndi dzina lina lonong'ona. Abale awo anabwera kamodzi, anapemphera ali chiimire pakhomo, anapita. Aneba analetsa ana awo kusewera nawe, ndipo dzina la Chisomo silinakuthandize kalikonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa langa linafika, ndipo azimayi anayamba kuzungulira kuseri kwa chigayo kuti asadutse pakhomo panga.

M'mawa wina ndinamva odi. Kutsegula, ndinapeza ambuya ndi beseni, sopo, ndi kapoto ka phala la nsinjiro, chipsera chili pachipumi. Manyazi anandigwira. Ndinayamba kuti, "Ambuya, tsiku lija..." Anandidula. "Suntha, mwana wanga, madzi azizira." Miyezi inayi anabwera tsiku ndi tsiku: kuwatembenuza atate ako, kuwameta, kuwamwetsa mankhwala, kuchapa zofunda zimene ine mkazi wawo ndinkachita nazo nseru, kuwakankha pa wilibala yomwe ija kupita ku kiliniki. Iwe ukalowa ankati, "Bwera kuno, mnzanga wa dzina." Iwe unkatukula kamlomo n'kuyankha kuti, "Ine ndine Chisomo." Iwo n'kuseka, "Ayi ndithu, khala Chisomo, koma phala udye." Ine ndinkatuluka panja kukalira kuseri kwa chimbudzi.

Tsiku lina tikufinya bulangete awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti abwereranji kwa munthu wowakana pagulu. Anati, "Galu wopweteka amaluma dzanja lomumanga mwendo. Ukamusiya chifukwa wakuluma, mwendo upola wokha? Pota uko, madzi akadalimo." Anandiyesa galu wamantha, mwana wanga, ndipo sanalakwe. Mpaka lero palibe ulaliki unandilowa ngati umenewo.

Atate ako asanamwalire anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bweza zina ya mwana." Ndinabweza. Maliro atatha ndinapita nawe kusukulu, ndinauza aphunzitsi kuti afute, alembe Asiyatu. Mayi wina atandifunsa pamsika ngati sindikuopa, ndinamuuza kuti ayambe wachapa zofunda za wodwala wa eni ake miyezi inayi, kenako abwere tikambirane za ufiti. Sanabwerenso, ndipo tomato wanga anasiya kugula. Ndinataya makasitomala angapo chaka chimenecho, koma ndinayamba kugona tulo. Usaiwale, Asiyatu: dzina lako linabwezedwa ndi munthu amene mpweya unali kumuthera, si lotola panjira.

Kodi ukuganiza kuti ambuya analeka kuweta atawagenda? Mwezi usanathe wilibala inali itabweranso ndi galu wina wothyoka msana. Anapitiriza choncho mpaka miyendo inakana. Chaka chawo chomaliza ndi ine ndinkawasambitsa, ndipo ankandikalipira kuti manja anga ndi olemera ngati a woswa miyala. Anamwalira uli ndi zaka khumi ndi chimodzi. Azimayi a kumzikiti atabwera kudzasambitsa thupi, ine ndinakhala panja, poti si mwambo wanga. Wamkulu wawo anatuluka n'kundikodola, akuti ambuya anasiya mawu oti wothira madzi akhale amake Asiyatu. Ndinathira. Pamaliropo panadzaza komboni yonse, ndi oponya miyala omwe, akulira mokweza kuposa ife. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, palibe amene anapirira maso anga. Agalu atatu otsala ndinawatenga ine, ndipo uyu amene umamuthamangitsa kuti akudetsera madiresi ndi chidzukulu cha amenewo. Ndiye wina abwere kuchokera ku Kitwe, amene sanaone ngakhale manda awo, adzandiuze m'nyumba mwanga kuti anali mfiti? Tsiku lija bana Chanda atabwera ndinangoti zii chifukwa cha ulemu wa pa chikwati, ndiponso ndinkadikira iwe. Kukhala chete kwanga kunathera pomwepo.

Alangizi akuphunzitsa kugwada, kulandira alendo, kusunga za m'chipinda. Zambiri ndi zoona, uzitsatire. Gonja pa ndiwo, gonja pa tchalitchi chopitako, phunzira Chibemba chawo mpaka uzitha kuseka nawo. Apongozi akakwiya uwatenthetsere madzi osamba, usawayankhe uli chiimire. Ukwati sufuna munthu wouma khosi pa chilichonse, ndipo iwe liuma unatengera atate ako, ulichepetseko. Koma pa ichi chokha usagonje. Akanati akufuna kukuwonjezera dzina la kwawo loti azikuitanira mwachikondi, ine ndikanaimba nthungululu. Sakutero. Akufuna uime pamaso pa anthu, uvomere ndi pakamwa pako kuti manja amene anakumasula chingwe pakhosi anali a mfiti. Munthu wovomera zimenezo tsiku loyamba la ukwati, tsiku lachiwiri adzavomera chiyani? Njira imeneyo ndikuidziwa, ndinayendamo zaka ziwiri, ndipo amene umawagonjera chifukwa cha mantha sakhuta.

Chanda anakufunsira uli Asiyatu. Abale ake anabweretsa mbale za chifunsiro pakhomo pano uli Asiyatu. Mutumire uthenga lero, osati mawa paguwa, umufunse ngati dzinalo linamulumapo. Ngati ali mwamuna amene ndikumuganizira, ayankhule yekha ndi amake, asabisale kumbuyo kwa abusa. Ngati sangathe kukuimira pa dzina, ndi bwino udziwe lero, chifukwa kutsogoloku kuli matenda, kuli maliro, kuli masiku amene anthu adzazungulira njira kuti asadutse pakhomo panu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndakutsina dala.

Pansi pa sutikesi yako, pansi pa zitenje zatsopano za azakhali ako, ndaikapo china chakale chofwifwa, chong'ambika pakona. Ndi chitenje cha agalu. Ndachichapa, usachite nacho nseru. Ukapeze msomali ku Kitwe. Kumenekonso kuli nkhalamba ina imene anthu amailambalala, komboni yopanda wotero kulibe. Ukaipeze, ikakupatsa madzi ukamwe mpaka kapu iume. Galu wogundidwa usamudutse, wodwala wotayidwa ndi abale usamuyang'anire pawindo. Anthu adzakunena, ndipo uwasiye anene. Dzina lako ndi Asiyatu, ndipo lili ndi ntchito yake.

Sindikukakamiza. Pakamwa ndi pako, ukwati ndi wako. Ukasankha kukhala Mapalo sindikutaya, udzabwerabe kuno, ana ako ndidzawabereka kumsana ngati mmene ndinakuberekera iwe. Zidzandiwawa, sindikubisira, koma ine ndilibe nkhope yoweruzira munthu wochita mantha. Ndikungofuna udziwiretu zimene ndichite ine, kuti usadzati ndinakudzidzimutsa. Mawa, mapemphero asanayambe, woyendetsa mwambo aitana makolo a mbali zonse kuti aimirire adzitchule. Bana Chanda adzitchula ndi dzina la mwana wawo, ndipo palibe awaletse. Ikafika nthawi yanga ndiimirira, azakhali ako andikoke chitenje kapena asandikoke. Ndinafunsidwa kamodzi pamaso pa gulu, iwe uli kumsana, ndinakana. Mawa gulu likhalapo, abusa akhalapo, iwenso ukhala patsogolo panga ukupuma mpweya umene nkhalamba ija inakubwezera ndi thaulo. Ndinena pang'onopang'ono, kuti ndi okhala pa benchi yakumbuyo omwe amve.

Ndine mayi wako,
Amake Asiyatu